Kalata kwa Ambuye Maepiskopi: Ana a Ulimbitso akugwera pakati pa parishi ndi sukulu

Kwa Ambuye Maepiskopi a madayosizi onse 8 a m'Malawi, Abambo Mfumu, ndi alembi a zamaphunziro m'madayosizi,

Ambuye, ndiyambe ndi kupepesa. Nkhani ngati iyi imayenera kuyambira ku mphakati, kagulu ka mabanja achikatolika oyandikana, n'kukwera ku bungwe la parishi, kenako n'kukupezani kudzera mwa Abambo Mfumu. Njira imeneyo ilipo ndipo timailemekeza. Vuto ndi loti nkhani za ana zikadutsa mmenemo zimakagwera kumapeto kwa msonkhano, pambuyo pa malata a tchalitchi ndi mafuta a galimoto ya parishi, anthu atatopa ndipo ochokera kutali akusuzumira dzuwa pawindo. N'chifukwa chake ndalemba poyera. Ndine kholo, ndinagwirako choko m'sukulu za mishoni, ndipo ndimathandiza nawo kuphunzitsa ana a Tilitonse, gulu la ana ophunzira za chikhulupiriro m'parishi. Paja mutu ukakula sulewa nkhonya, ndiye mundimvere ngakhale penapake pawawe.

Ndikufuna kunena za ana amene tikuwakonzekeretsa sakramenti la Ulimbitso. Parishi ndi sukulu zinaleka kukambirana za mwana yemweyo. Kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu mwanayu amakhala kusukulu, ndipo kawirikawiri sukuluyo ili pa malo a mishoni, pachikwangwani palembedwa dzina la woyera, belu likalira Abambo amalimva ali m'nyumba mwawo. Koma kafunseni aphunzitsi aakulu kuti ndi ana angati a pasukulu pawo amene alimbitsidwe chaka chino, ambiri angokuyang'anani. Kafunseni akatekisiti kuti mwa ana awo ndani wasiya sukulu teremu ino, nawonso ayankha kuti afufuza. Aliyense ali ndi buku lake la mayina, ndipo mabuku awiriwa sanakhalepo pa tebulo limodzi.

Makolo athu m'chikhulupiriro sanayambe chonchi. Ansembe a Montfort atafika ku Nzama mu 1901, ndipo a White Fathers atakhazikika ku Mua mu 1902, kenako ku Likuni ndi ku Kachebere mu 1903, m'midzi tchalitchi ndi sukulu zinali kanyumba kamodzi kofolera ndi udzu. Mphunzitsi yemwe ankaphunzitsa a, e, i, o, u ndi yemwenso ankaphunzitsa katekisimu, ndipo Lamulungu ankatsogolera mapemphero. Sindikuti tibwerere kumeneko. Masiku amenewo anali ndi mkwapulo wake, ndipo ana ena ankalowa Mpingo chifukwa sukulu inali yomweyo basi. Chimene ndimasirira n'choti panali munthu wamkulu mmodzi wodziwa mwana yense: mmene akukhozera m'kalasi, ngati kwawo kwagonedwa ndi njala, ndiponso ngati amapemphera.

Zinthu zinasintha pang'onopang'ono, ndipo chaka cha 1994 chinamalizitsa. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere, ana analumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Lero Mpingo ndi mwini malo ndi nyumba, koma aphunzitsi amatumizidwa ndi boma ndipo malipiro awo amachokera kuboma. M'kalasi muli ana a CCAP, a Chisilamu, a Seventh Day, a mipingo ya Pentekosite. Zimenezi n'zabwino, ndipo sindikupempha kuti phunziro la masamu lisanduke katekisimu kapena kuti mwana wachisilamu azikakamizidwa kuchita chizindikiro cha mtanda. Ndikungokumbukira kuti mu 2000, boma litafuna kuchotsa Bible Knowledge m'sekondale n'kuikapo Religious and Moral Education, mipingo inaimirira mwamphamvu mpaka boma linabwerera m'mbuyo. Tinamenyera phunziro la pa ndandanda ya mayeso, lomwe mwana angathe kulikhoza bwino kwambiri osapempherapo n'kamodzi komwe. Koma masana, sukulu ikaweruka, makalasi a Mpingo womwewo amangokhala otseka, ndipo palibe amene anaimirira kumenyera ola limodzi la masana amenewo.

Ndiye kukonzekera Ulimbitso kunatsalira Loweruka. Mayi mmodzi wodzipereka, kapena mnyamata amene wangomaliza Fomu 4, amakhala ndi khamu la ana m'tchalitchi kapena pansi pa mtengo wa mango, buku lili limodzi, lothothoka masamba. Iye amafunsa, ana amayankha mokuwa onse pamodzi. Mphatso zisanu ndi ziwiri za Mzimu Woyera amazitchula mosaphonya, mwaliwiro lomwe amatchulira masiku a pa sabata. Kuloweza ine sindikunyoza ayi. Amene anakhalapo pambali pa agogo akutsirizika amadziwa kuti mapemphero olowezedwa paubwana ndi amene amatsala pakamwa zina zonse zitathawa. Koma malamulo a Mpingo, pa nambala 889, amafuna zinthu zitatu kwa wolimbitsidwa: akhale wophunzitsidwa moyenera, wokonzeka mumtima, ndiponso wotha kubwereza yekha malonjezo a ubatizo. Ife timayesa choyamba chokha, ndiponso timachiyesa moperewera.

Tatengani lonjezo lokana Satana ndi ntchito zake zonse. Mwana amayankha kuti "Ndikukana" mokweza. Nanga ntchito zimenezo kwa mwana wa Sitandade 7 n'ziti? Ndi kapepala kobisa m'sokosi pa mayeso. Ndi kachithumwa kamene azakhali amumangirira m'chiuno kuti akhoze. Ndi kulowa nawo gulu losereula mnzake wachialubino, kapena kutola nawo mwala anthu akamati agogo akutsidya aja ndi mfiti. Kwa mtsikana, ndi bambo wapagolosale amene akumupatsa sopo ndi mafuta odzola osalipira. Zonsezi zimachitikira kusukulu kapena panjira yopita kusukulu, ndipo palibe nngakhale chimodzi chimene chimatchulidwa Loweruka. Paulo atafika ku Efeso anapeza ophunzira amene anamuuza kuti sanamvepo n'komwe kuti kuli Mzimu Woyera. Ana athu anamva, ndipo mayina a mphatso akuwadziwa. Chimene sitinawauze n'choti mphatso ya uphungu ndi ya mphamvu zimagwira ntchito tsiku limene mnzawo wawanong'oneza kuti aphunzitsi akumufunsira.

Tili ndi munthu woti tingawafotokozere anawa, koma sitimutchula. Benedict Daswa wa ku Limpopo, ku South Africa, anali mphunzitsi wamkulu wa pulayimale komanso katekisiti. Ziphaliwali zitatentha nyumba m'mudzi mwawo, anthu anagwirizana zosonkha ndalama kuti akaombeze wochititsa. Iye anakana, ndipo anamupha pa 2 Febuluwale 1990. Mpingo unamutchula wodala pa 13 Sepitembala 2015. Munthu ameneyu ankagwira choko ngati aphunzitsi athuwa, ndipo chimene anafera n'chinthu chomwe ana athu amachiona m'midzi mwawo. M'sukulu zathu muli aphunzitsi achikatolika ambiri, ena ndi okhulupirika kwambiri, koma parishi imawakumbukira ikafuna munthu wolemba bwino malipoti kapena wowerenga mawu pa Misa. Sindinamvepo akuitanidwa kuti akhale pansi ndi akatekisiti n'kukambirana za ana amene onse awiri akuwaphunzitsa.

Kusakambirana kumeneku kumaonekera poyera m'chaka cha Sitandade 8. M'maparishi ambiri amene ndikuwadziwa, ana amalimbitsidwa ali m'makalasi akumapeto a pulayimale, pamene sukulu ikuwathamangitsa kukonzekera mayeso a PSLCE. Aphunzitsi amawaitana Loweruka kudzaphunzira, pena amawagoneka pasukulu pomwepo. Parishi nayo imawaitana Loweruka lomwelo, ndipo lamulo ndi loti wojomba kangapo dzina lake lifafanizidwe. Kholo likafika pampanipani wotere limasankha mayeso, ndipo sindingaliimbe mlandu. Chodabwitsa n'choti oitana onse awiri ndi a Mpingo umodzi, ndipo ofesi ya aphunzitsi aakulu ndi ya Abambo Mfumu zatalikirana mtunda woti munthu angafuule n'kumveka. Akanangokhala pansi teremu yoyamba isanayambe, kalendala ili patsogolo, vutoli likanatha tsiku lomwelo. Malamulo a Mpingo, pa nambala 891, amakupatsani inu maepiskopi ufulu wosankha msinkhu wolandirira Ulimbitso. Ngati mungaone kuti ndi bwino ana azilimbitsidwa asanafike Sitandade 8, kapena atalowa kale sekondale, mphamvu imeneyo muli nayo.

Tsopano ndifike pa ndalama, pomwe pakundiwawa kwambiri.

Tsiku la Ulimbitso likamayandikira, kholo limalandira mndandanda. Pali ya khadi. Pali yosonkhera mphatso ya Ambuye. Pali ya chakudya cha alendo. Pali zovala zoyera ndi nsapato, pena ndi nsalu yosindikizidwa imene aliyense ayenera kugula. Pamwamba pa zonsezo, khadi la mtulo la makolo liyenera kukhala lokwana, ndipo m'malo ena amafunanso chikalata cha ku mphakati chotsimikiza kuti banjalo limasonkha masika ndi zachitukuko. Chilichonse pachokha chikuoneka chaching'ono. Muziphatikize, n'kuziika pamaso pa agogo amene akulera adzukulu amasiye ndi ndalama ya ganyu, muona kuti n'chifukwa chiyani mwana amene sanajombepo Loweruka ndi limodzi lomwe amasowa sabata yomaliza. Sanena kuti alibe ndalama. Amati wadwala, kapena wapita kwa amalume.

Ndikudziwa kuti parishi siyenda ndi mphepo. Mtulo ndi udindo wa mkhristu aliyense, ndipo Mpingo wodzidalira ndi umene tonse tikuufuna. Koma kukaniza mwana sakramenti chifukwa bambo ake sanamalize mtulo n'kumusandutsa chikole, ngati wailesi imene wakatapila amagwira mpaka ngongole ithe. Ngongoleyo si ya mwana. Lamulo la nambala 848 limanena momveka kuti wopereka masakramenti asapemphe kanthu koposa chopereka chimene akuluakulu a Mpingo anakhazikitsa, ndipo asamale kuti osauka asamanidwe masakramenti chifukwa cha umphawi wawo. La nambala 843 limati ansembe sangakanize masakramenti munthu amene wawapempha pa nthawi yoyenera, ali wokonzeka, ndipo lamulo silikumuletsa. Sindinapezemo mawu oti "pokhapokha makolo ake atalipira". Sindinapezemonso oti mwana adikire mpaka bambo ndi mayi ake adalitse ukwati wawo, komabe ana ambiri abwezedwa pa chifukwa chimenechi, ndipo ena mwa iwo bambo awo anapita ku Joni kalekale osatumiza ngakhale uthenga.

Kunena zoona, nthawi zambiri si Abambo Mfumu amene amabweza anawa. Ndi makomiti athu a m'matchalitchi ang'onoang'ono, akhristu anzathu, amene anapatsidwa chiwerengero cha ndalama choti akwanitse ndipo anapeza kuti njira yachidule yofinyira makolo ndi kudzera mwa ana. Amachita zimenezi poganiza kuti akuthandiza Mpingo. Sangasiye pokhapokha atamva kuchokera pakamwa panu, m'kalata yowerengedwa m'matchalitchi onse, kuti mwana wokonzeka sabwezedwa chifukwa cha ndalama kapena chifukwa cha ukwati wa makolo ake, ndiponso kuti yunifolomu ya sukulu yochapa bwino ndi chovala chokwanira kulandirira Mzimu Woyera. Ndipo Ambuye, mbuzi, nkhuku ndi matumba a chimanga amene amavinidwa kubwera nawo kuguwa tsiku limenelo ndi chikondi chenicheni cha akhristu anu. Koma zingakhale bwino mutadziwa kuti pena mwa ndalama zogulira mbuziyo muli ya mayi amene anagulitsa ndowa yomaliza ya chimanga kuti dzina la mwana wake lisachotsedwe.

Za mboni nazo zinangosanduka mwambo. Mpingo umafuna kuti wolimbitsidwa akhale ndi munthu womuyang'anira kuti akhale mboni yoona ya Khristu, wa zaka zosachepera 16, wolimbitsidwa kale, ndipo ngati n'kotheka akhale yemwe anamuimira pa ubatizo. Chimene chimachitika n'choti m'mawa wa tsikulo amagwira bambo mmodzi wa komiti kuti aimire anyamata onse, ndi mayi mmodzi kuti aimire atsikana onse. Amayenda ndi mzere, kuika dzanja paphewa la mwana aliyense, ena osawadziwa ndi dzina lomwe. Pamenepa makolo athu a kumudzi anatiposa nzeru. Pa chinamwali namwali aliyense amakhala ndi phungu wake, amene amamuperekeza, kumuyankhira, ndipo ubale wawo sutha tsiku lotuluka m'tsimba. Ku Mua, Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni mu 1976 n'kutha moyo wawo akutisonyeza kuti m'miyambo yathu muli zambiri zimene Mpingo ungamangepo. Uphungu woterewu ndi chimodzi mwa izo. Mwana asankhe mboni yake chaka chokonzekera chikamayamba, mboniyo izibwera naye ku maphunziro nthawi zina, izifunsa za lipoti la kusukulu. Aphunzitsi achikatolika, amayi a bungwe la amayi, a Legio, ngakhale achinyamata a YCS (bungwe la ophunzira achikatolika m'sukulu) a Fomu 3 ndi 4, onsewa ndi anthu oti angaimire ana awiri kapena atatu n'kuwadziwa bwinobwino.

Pali chinanso pa nkhani ya chinamwali. M'maparishi ambiri alangizi amalangiza ana otha msinkhu mwachikhristu, ndipo ndi ntchito yotamandika. Koma amachita paokha. Mwana amamva za thupi lake kwa alangizi, za Mzimu Woyera kwa akatekisiti, za matenda ndi mimba kwa aphunzitsi a Life Skills, ndipo pa tchuthi chachikulu ena amakamvanso zina kutsimba kapena kudambwe. Anthu anayi, aliyense ndi chilankhulo chake, ndipo kulumikiza zonsezi timamusiyira mwana wa zaka 13.

Mtsikana akatenga mimba ndi pamene timaonekera mtima wathu. Boma linakhazikitsa ndondomeko yolola amayi achichepere kubwerera kusukulu mu 1993, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti munthu asalowe m'banja asanakwanitse zaka 18. Amayi a mother group amayenda khomo ndi khomo kukatenga atsikana otere kuti abwerere m'kalasi. Ife a Tilitonse timangodula mzere pa dzina lake. Palibe amene amapita kukamuona, ndipo amene anamupatsa mimbayo, amene nthawi zambiri ndi munthu wamkulu, amapitiriza kukhala pa benchi yake Lamulungu. Mtsikanayo tidzamuonanso patapita zaka, akufuna ubatizo wa mwana, ndipo tidzamufunsa chifukwa chake sanalimbitsidwe. Sindikuti tichite ngati palibe chachitika. Ndikuti parishi ikhale ndi njira yodziwika yomubwezera m'gulu, monga sukulu ilili nayo, ndipo amayi a mother group ndi amayi a Mpingo, omwe kawirikawiri ndi anthu omwewo atangosintha nsalu, azipita limodzi.

Ziwiri izi ndingozitchula mwachidule. Ana akamagonekedwa kuparishi masiku angapo Ulimbitso usanachitike, pakhale amayi odziwika ogona ndi atsikana, abambo odziwika ogona ndi anyamata, ndipo mwana aliyense adziwe munthu woti angakamuuze wina akamuchita zosayenera, ngakhale wochitayo atakhala wa Mpingo. Chachiwiri, mayeso athu apakamwa amagwetsa ana achibwibwi, osamva, ndi ochedwa kugwira zinthu. Mpingo womwe uli ndi sukulu za ana osamva ku Mua ndi ku Maryview, komanso koleji ya Montfort ku Nguludi yophunzitsa aphunzitsi a ana olumala, sungasowe nzeru yokonzekeretsa ana otere.

Tsiku lenilenilo limakoma, palibe angatsutse. Kwaya imakhala itakonzeka, ana ovina ali patsogolo, mafuta a Krisma akunyezimira pamphumi, nthungululu zili wiriwiri. Funso langa ndi la Lamulungu lotsatira, ndi la chaka chotsatira. Malemu Papa Francis ankadandaula kuti m'malo ambiri Ulimbitso wasanduka sakramenti lotsanzikirana, mwana akalandira ndiye wapita. Kwathu kuno ana sachoka chifukwa chosiya kukhulupirira Mulungu. Amachoka chifukwa zotsatira za mayeso zimawamwaza, ndipo palibe amene amawalondola.

Ochepa amene asankhidwira ku St Mary's ku Zomba, ku Likuni, ku Mtendere, ku Marymount kapena ku Chaminade ali ndi mwayi. Kumeneko kuli Misa, kuli masisitere kapena mabulazala, kuli YCS yamoyo. Koma amenewo ndi angati? Unyinji umapita ku sekondale zoyendera za CDSS. Ena amachita lendi tizipinda pafupi ndi sukulu, kudziphikira okha, ali ndi zaka 14, kutali ndi makolo, m'dera la parishi ina imene sikudziwa n'komwe kuti afika. Amene amawalandira ndi magulu ena a mapemphero a pasukulu, omwe amawafunsa dzina tsiku loyamba, kuwapatsa nyimbo yoti atsogolere sabata yachiwiri, n'kudzawazonda akadwala malungo. Tikamadandaula kuti ana athu akutengedwa ndi mipingo ina, tizikumbukira kuti enawo anangochita zimene ife tinalonjeza kuchita.

Lamulo la nambala 895 limati mayina a olimbitsidwa alembedwe m'buku ndipo parishi imene anabatizidwira idziwitsidwe. Pepala limayenda kubwerera m'mbuyo, kumene mwana anachokera. Bwanji lisayendenso kupita kutsogolo, kumene mwana akupita? Zotsatira zikatuluka, akatekisiti ndi aphunzitsi aakulu angathe kukhala pansi tsiku limodzi n'kulemba kuti uyu wapita kwakuti, uyu kwakuti. Abambo Mfumu n'kutumiza mayinawo kwa anzawo a maparishi amenewo, ngakhale pa WhatsApp pomwe. Pa CDSS iliyonse pamene pali mphunzitsi wachikatolika, apatsidwe udindo wa YCS ndi kalata yochokera kudayosizi, osati kungomusiya adziyambire yekha. Ndipo wansembe azifika pa sukulu zimenezi kamodzi pa teremu. Ndikudziwa kuti ansembe ndi ochepa ndipo matchalitchi ndi ambiri, koma pa CDSS imodzi pamapezeka achinyamata achikatolika ochuluka kuposa akhristu a m'matchalitchi ena amene amayenderedwa mwezi ndi mwezi.

Nanga amene sanasankhidwe kupita kulikonse? Awa ndiye amazimiririka msanga. Mnyamata amayamba kabaza kapena kupita ku esiteti ya fodya, mtsikana amapita kutauni kukagwira ntchito yapanyumba. Malo awo mu Mpingo akanakhala mphakati. Maepiskopi a AMECEA, bungwe la maepiskopi a m'mayiko a kum'mawa kwa Africa, anagwirizana mu 1973 ndi mu 1976 kuti miphakati ikhale maziko a Mpingo kuno, ndipo malemu Ambuye Patrick Kalilombe anaigwirira ntchito kwambiri ku Lilongwe m'zaka zimenezo. Koma mphakati wa lero ndi wa akuluakulu, makamaka amayi, ndipo theka la nthawi limathera pa zosonkha. Wachinyamata akabwera amakhala kumbuyo, ntchito yake ndi kunyamula mipando. Tinamuuza pa guwa kuti tsopano ndi mkhristu wokhwima, mboni ya Khristu, koma palibe chimene tamupatsa choti achitire umboni. Mupatseni ntchito yeniyeni: aziwerenga Mawu a Mulungu pa mphakati, azikatungira madzi nkhalamba yodwala, azithandiza ana a Sitandade 2 kuwerenga masana, aziphunzitsa nawo Tilitonse. Ntchito zoterezi ziyambe chaka chokonzekera chomwe, ndipo ziwerengedwe pomuyesa ngati wakonzeka, mofanana ndi mayankho a katekisimu.

Zonsezi zikugwera pamutu pa anthu amene sitiwasamala. Akatekisiti ophunzitsidwa bwino, monga amene anadutsa ku Likulezi ku Phalombe, alipo, koma ndi ochepa ndipo aliyense amayang'anira dera lalikulu pa njinga yakapalasa. Amene amakhala ndi ana sabata ndi sabata ndi odzipereka, ambiri mwa iwo amayi, amene sanapatsidwepo maphunziro alionse kupatula zimene iwonso analoweza ali ana. Mu Meyi 2021 Papa Francis anakhazikitsa ukatekisiti kukhala utumiki wovomerezeka wa akhristu eni ake mu Mpingo wonse. Uthenga umenewo sunafike pansi pa mtengo wa mango. Sindikupempha malipiro, ngakhale sopo sangakanidwe. Ndikupempha sabata imodzi ya maphunziro pachaka, pa tchuthi, m'makalasi a sukulu zathu zomwezi, ndipo ophunzitsa ena akhale aphunzitsi a pulayimale odziwa kugwira kalasi ya ana 100 popanda ndodo. Ndikupemphanso buku. Tili ndi Likuni Press, tili ndi Montfort Media ku Balaka. N'zosatheka kodi kusindikiza kabuku kotchipa ka Ulimbitso, m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'zilankhulo zina, kofotokoza za moyo wa mwana wa sukulu wa ku Malawi, kuti mwana aliyense akhale ndi kake kopita nako kunyumba? Radio Maria, Radio Alinafe, Tigabane ndi Tuntufye zingathe kuulutsa phunziro lomwelo sabata imeneyo kuti makolo amve nawo zimene ana awo akuphunzira, popeza lamulo la nambala 890 limatchula makolo poyamba pa anthu oyenera kuonetsetsa kuti mwana wakonzekera.

Pa 8 Malichi 1992 m'matchalitchi onse munawerengedwa kalata ya maepiskopi imene inagwedeza dziko lino. Anthu amaikumbukira chifukwa cha ndale, koma inanenanso za sukulu: kuthithikana kwa ana m'makalasi, kuchepa kwa aphunzitsi ndi kusowa kwa zipangizo. Nthawi imeneyo munkauza boma. Zimene ndalemba pano sizikufuna nduna kapena Nyumba ya Malamulo. Malo ndi anu, makalasi ndi anu, akatekisiti ndi anu, ndipo lamulo la nambala 806 limakupatsani ufulu woyendera sukulu zachikatolika za m'dayosizi yanu.

Ndiye pempho langa lomaliza ndi ili, Ambuye. Ulendo wotsatira wokapereka Ulimbitso, musafike Lamulungu m'mawa galimoto ili pa liwiro, n'kubwerera madzulo mbuzi zili kumbuyo. Fikani Lachisanu sukulu isanaweruke. Lowani mu ofesi ya aphunzitsi aakulu, muitanitse akatekisiti, amayi a Tilitonse ndi a mother group, ndipo mabuku awiri aja aikidwe pa tebulo limodzi. Mufunse kuti ana amene analembetsa chaka chikuyamba anali angati, amene alimbitsidwe mkuja ndi angati, ndipo otsalawo awerengedwe mayina mmodzimmodzi, aliyense ndi chifukwa chake. Amene chifukwa chawo ndi ndalama kapena ukwati wa makolo, Loweruka lilipo loti atumizidwe uthenga n'kudzaima nawo pamzere.

Ine mwana wanu mwa Khristu,
Kholo komanso mphunzitsi wa Tilitonse